Faida ndi Geti la Chipatala

Lolemba, 5 Ogasiti

Sabata yachitatu chiwaikireni amayi m'manda. Mkeka wawo sindinaupinde. Ndimati nditsegule buku monga kale, koma maso amangozungulira tsamba lomwelo.

Uthenga wandipeza kumpopi masana. Anditenga ku sukulu ya unesi ku Marondera, kuyamba Seputembala. Zaka zitatu, kugonera konko, ana saloledwa. Ndinangokhala pansi pamatope pomwepo. Za mwana wanga, amayi ndi amene ankati, "Iwe dzipita, Faida ndi wanga, ndimlera ine." Wolerayo lero ali kuti?

Lachiwiri, 6 Ogasiti

A foromani abwera chipewa chili m'manja. "Nematambudziko, Mai Faida." Atapepesa maliro motero, nkhani yeniyeni. Nyumba ino inali ya amayi chifukwa ankasankha fodya ku shedi. Ine sindigwira ntchito papulazi pano, ndimangoluka tsitsi. Mwezi ukatha mulowa banja lina. Alankhula mofatsa. Mwina akanakalipa ndikanalira n'kupepukidwa.

Bambo ake a Faida ali ku Joni. Nambala yawo inasiya kulira kalekale.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Ndinapita ku Mvurwi kukagula meshi, poti tchuthi cha Mahirozi, chokumbukira ngwazi za dziko, aliyense amafuna mutu watsopano. Enifa, mwini saluni ya kuseri kwa musika, anandikokera mkati.

"Sisi, manja akowa usakawataye potsuka zilonda za anthu. Mpando ulipo. Kachipinda kakuseri kalipo, iwe ndi mwana wako. Unesi? Hede! Manesiwo amabwera muno miyendo itatupa, amagona tulo mutu uli m'manja mwanga."

Kachipindako ndakaona. Zenera ngati chikhatho, fungo la mankhwala a tsitsi mpaka kukhosi. Koma Faida angamagone pambali panga.

Pobwerera m'kombi ndimaganiza za nesi uja ankatembenuza amayi masiku omaliza, kuwanyowetsa milomo ndi thonje, kuwaitana "ambuya" ngati ndi ake. Ntchito imeneyo ndinayamba kuifuna ndili Fomu 2. Buku la ziwalo za thupi lija ndinaliwerenga mpaka chikuto chinathothoka.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Achimwene anga a Yahaya aimba kuchokera ku Mhangura. "Chemwali, mwayi uwu subwera kawiri. Mwanayo tipatse ife. Alamu ako Aisha akuti wophikira ana anayi sangalephere wachisanu. Tidzamutenga tikabwera ku sadaka ya amayi."

Ndi anthu abwino. Koma F. sawadziwa, anawaona kamodzi kokha. Kukazizira amatsokomola chamumtima, osadzutsa munthu. Adzamumva ndani?

Loweruka, 10 Ogasiti

Kuluka tsiku lonse pakhonde, mphepo ikuthira fumbi m'maso. Faida ankandipatsira meshi. Ester wa nyumba yoyandikana nafe, mutu uli pamaondo panga, anamukodola.

"Iwe kamtsikana, wamva? Amayi ako akupita kuchipatala! Zaka zitatu!"

Azimayi nthungululu. Faida anaika meshi pansi bwinobwino n'kulowa m'nyumba. Ndinaganiza kuti watopa.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Sanadye. Akunditsatira mpaka pakhomo la chimbudzi.

Lolemba, 12 Ogasiti



Ndinapita kumpopi m'mawa, pobwera Faida palibe. Kwa Ester palibe. Ku mzikiti palibe. Ndinathamangira ku damu, Mulungu andikhululukire, ndikuyang'ana pamwamba pa madzi. Amuna a ku nazale za fodya anasiya makeni n'kuyamba kuitana nawo. Thirakitala iliyonse yodutsa, mtima phaa.

Anamupeza ndi a Jacinto, mlonda wa mabalani. Anali m'balani lopanda fodya, mumdima, atakhalira thumba. M'thumbamo nsapato zanga zonse, ndi mapatapata omwe. Ndiye kuti ndinathamanga komboni yonse wopanda nsapato osadziwa.

Ndinati, "Mwanawe, ukundipheranji ndi mantha?"

Iye: "Musapite kuchipatala. Agogo anapita atavala nsapato. Nsapato zinabwera zokha."

Zoona. Ndinabwera nazo ine m'pepala la pulasitiki. Maliro athu sachedwa, kumanda anapita amuna okhaokha, mwanayo tinamusiya kwa Ester. Timangomuuza kuti agogo ali kuchipatala, poganiza kuti wazaka zisanu samva kanthu.

Ndamuuza zoona lero, kuti agogo anamwalira, ali m'manja mwa Allah. Anangogwedeza mutu ngati ankadziwa kale. Thumba sanalisiye.

Ndamuimbira Enifa kuti mpando uja andisungire.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Tsiku loyesera ku saluni. Mitu itatu, onse akhutira. Enifa akuti, "Waona? Zvakanaka, zili bwino, watsala n'kubweretsa bulangete basi." F. anakhala pakona akupesa chidole cha mawigi, mpaka anaseka.

Chakumasana ambulansi inadutsa ikulira. Ndinatembenuka, mwana ali pansi pa tebulo, zala m'makutu.

Ndiye ngakhale nditakhala, mantha ake sachoka. Nanga tsiku limene iyeyo adzadwale? Ndidzachita kumukoka? Ndikuopa kumusiya. Ndikuopanso kudzakalamba ndi chipeso m'manja, ndikumuyang'ana mwana wanga ngati ndi iye ananditsekera njira. Izi sindingauze munthu.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Sindinapite kwa Enifa. Ndinagula mabanzi awiri ndi maheu, tinakakhala patsidya pa msewu, moyang'anana ndi geti la chipatala chimene amayi anathera. Chifikireni tsiku lija ndinali ndisanadutseko.

Faida anabisa nkhope m'chitenje changa. Ndinati, "Sitilowa. Tingoona amene akutuluka."

Anatuluka abambo a bandeji kumutu, akukangana ndi akazi awo za fodya wosuta. Anatuluka mnyamata wa ndodo, akudumphira mwendo umodzi. Kenako mtsikana ndi khanda m'shawelo yoyera, apongozi ake akuvina pambuyo.

"Uyo watuluka," anatero Faida chapansipansi. Patapita kanthawi, "Uyonso."

Anayamba kudya banzi.

Dzuwa litapendeka anatuluka nesi wonenepa, juzi pamwamba pa yunifolomu, kabichi kukhwapa. Anaima pafupi nafe kudikira kombi, akuyasamula.

Faida anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Akupita kuti?"

Nesiyo anamva. "Kunyumba, chimhandara, kamtsikana iwe. Ana anga akudikira sadza."

"Mawa mubweranso?"

"Ndibweranso, n'kutulukanso. Masiku onse."

Kombi itamutenga, F. anaiperekeza ndi maso. Kenako anati, "Amama, inu mukakhala ovala zoyera kapena ogona pabedi?"

"Ovala zoyera."

"Muzikatuluka?"

"Ndizikatuluka. Osati masiku onse ngati awa, kusukuluko n'kutali. Koma tchuthi chilichonse ndizibwera kwa amalume ako a Yahaya, kumene uzikakhala."

Mawu atatuluka ndi pamene ndinazindikira kuti ndasankha. Ndinafuna kuwabweza.

Iye anakunkhumula nyenyeswa pa diresi lake, osandiyang'ana.

"Kwa amalume kuli nkhuku?"