Malikisi a Mwana wa Atelala

Lolemba, 3 Novembala

Zotsatira zamatidwa pabolodi. Mphoto ya dipatimenti yathu yapita kwa mnyamata uja timamuti Kamagalasi, pamodzi ndi malo aulere a digiri yachiwiri. Phunziro langa, 81. Kamagalasi? Chaka chonse mpando wakumbuyo, foni m'manja! Pamene mwana wa atelala athu osoka magauni, mtsikana wondipanikiza ndi mafunso mpaka thukuta, 52. Mwina mayeso anamusokoneza mutu. Zimachitika.

Kalata yondikhazikitsa pantchito ituluka mwezi uno, atero a Pulofesa. Zaka ziwiri ndikuphunzitsa mongoyesedwa. Ndatopa nazo.

Lachiwiri, 4 Novembala

Mtsikana uja anabwera kuofesi. Sanadandaule, bola akanadandaula. Waima pakhomo, manja kumbuyo. "Madamu, ndimangofuna mundionetse pomwe ndinalakwitsa, ndisadzabwerezenso." Ndamuuza abwere sabata yamawa, ndatanganidwa. Bodza. Pa tebulo panali kapu ya tiyi basi.

Lachinayi, 6 Novembala

Ndatenga kiyi wa kabati ya mayeso. Pa mapepala salemba dzina, nambala yokha, kuti wochonga asakondere. Ya mtsikana uja 0417, ya Kamagalasi 0471. Ndatsegula la 0417: 81, inki yofiira, dzanja langa, ndinalembanso "Zabwino kwambiri" m'mbali. La 0471: 52.

Mayo ine. Ndinasinthanitsa polowetsa m'kompyuta. Tsiku lomaliza lija, mapepala 140, alembi ataima pamutu panga kudikira mndandanda. A Pulofesa amayenera kufananitsa mapepala ndi mndandandawo. Anangosaina choimirira, akuthamangira kumsonkhano, monga amachitira chaka chilichonse.

Ndawerengetsera kanayi. Malikisi akabwerera kwa eni ake, mtsikanayo ndiye woyamba. Kamagalasi wachisanu ndi chimodzi.

Sindinadye.

Lachisanu, 7 Novembala

Ndawauza a Pulofesa. Anayamba atseka chitseko. Mapepala sanawagwire n'komwe, ngati ndi makala amoto. "Mwana wanga, madzi akatayika saoleka. Zotsatira zavomerezedwa kale kumtunda, dzina lili m'kabuku ka mwambo wopereka madigiri. Ukufuna kalata yako kapena ukufuna phokoso?" Akuti mtsikanayo ndi wanzeru, adzapeza mwayi wina. Wina uti? Malo ndi amodzi pachaka.

Akuopa siginecha yawo, ndikudziwa. Inenso ndikuopa yanga, ndisadzinamize.

Kunyumba bambo a ana akuti ndimvere akuluakulu. "Amene wakuuza kuti ukhale chete ndi bwana wako. Ukalankhula, adzakuikira kumbuyo ndani?" Ndawakalipira popanda chifukwa. Sanalakwe kufunsa.

Lolemba, 10 Novembala

Mayi ake a Kamagalasi kuofesi, atatchena, kudzathokoza. Andigwira manja onse awiri. Kwawo palibe anafikapo pamenepa, akuti. Mnyamatayo kumbuyo kwawo, maso pansi. Ndikuganiza kuti iyenso akudabwa. Ndamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Ndagwira njakata. Mnyamatayo sanabe kanthu. Wakuba ndine, ndipo ndinaba ndi chala chimodzi.

Lachitatu, 12 Novembala

Kokayesa magauni a mwambo wa Loweruka. Kachipinda kaja kuseri kwa laibulale, fungo la simbi yotentha. Yanga yatalika. Atelala agwada kuti aipinde m'munsi, mapini kukamwa, mutu wa imvi uli pa mawondo anga. Atachotsa mapini akuti, "Madamu, mwana wanga amakutamani kwambiri. Akuti munaphunzitsa bwino, koma mutu wake ndiwo unamukana. Ndamuuza asalire, makina achiwiri alipo, tizisokera limodzi."

Ndangoti "Eya, bambo." Eya! Munthu wamkulu atandigwadira, kupepesera mwana wake pa mlandu wanga.

Zaka makumi awiri akusoka magauni a ana a eni.

Lachinayi, 13 Novembala

Kalata ndalemba m'mawa, tsamba limodzi. Sindinatchule a Pulofesa, siginecha yawo idzilankhulira yokha. Mapepala awiri aja ndajambulitsa, ndamata kumbuyo. Ku ofesi ya a Rejisitala mlembi wawerenga, wandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwaganiza bwino, madamu? Chidindochi chikatera sichifufutika." Ndati dindani.

Masana a Pulofesa andidutsa pakhonde ngati mpanda. Bambo a ana sindinawauze. Mayi a Kamagalasi aja sakundichoka m'maso.

Lachisanu, 14 Novembala

Mphoto aiimitsa. Lolemba ndikaonekere ku komiti, 9 koloko. Za kalata yanga palibe akutchulanso.

Gauni yabwera, yopindidwa bwino, yositidwa. Waibweretsa ndi mtsikana uja, bambo ake amutuma. Ndamuuza akhale pampando. Ndamuikira pepala lake patsogolo, ndaloza inki yofiira. Wayang'ana nthawi yaitali. Ndimayembekeza kulira, kapena kunditukwana, zonse ndikanalandira.

Wapinda pepalalo pang'onopang'ono, kenako akuti, "Nanga inuyo, madamu, akuchitani?"

Sindikudziwa.