Phulusa la ku Luwawa

Luwawa, Mzimba
9 Julaye 1979

Okondedwa achimwene a Kalebe,

Ndisanakupatseni moni, timvane zitatu. Choyamba, musayankhe kudzera ku positi; mupatse dalaivala wa lole yamatabwa amene wabweretsa kalatayi. Chachiwiri, amayi asamve. Chachitatu, kodi mungawasunge mlamu wanu Janeth ndi ana kwanuko ku Dedza?

Mukukumbukira kuti ku koleji ndinkakonda phunziro la utsi wa mapiri ophulika: umakwera kufika pati, phulusa limakagwera kuti. Masamu omwewo ndakhala ndikuwayesa kuno tikamawotcha m'mphepete mwa nkhalango ya paini. Loweruka ndinayeza mphepo, ndinabwerezanso, ndipo ndinapeza kuti utsi ukwera n'kulowera kudamu. Ndinauza kapitawo wanga Feston kuti ayatse. Anangovomera m'Chitumbuka chake kuti, "Yewo, bwana."

Koma utsi wa phiri ndi wotentha, pamene wa masamba a paini onyowa ndi wozizira ndiponso wolemera. Sunakwere. Unakwawa m'chigwa mpaka pabwalo la msonkhano wachipani, ndipo phulusa linagwera azimayi amene ankavina, pansalu zawo zokhala ndi nkhope ija.

Anyamata achipani anabwera ndi zibonga. Anamupeza Feston ali ndi muuni m'manja.

"Ndiwe wadetsa nkhope ya mwini dziko?"

"Ndapota, adada, ni ntchito waka!" anatero Feston, kunena kuti ndi ntchito chabe.

Anamumenya pakamwa mpaka mano kugwa. Awiri anamugwira mikono n'kukanikiza zikhato zake pamakala. Fungo lake, achimwene, silikundichoka m'mphuno. Ine ndinali chapafupi pansanja yoonera moto, magalasi oonera patali ali m'maso, ndipo sindinatsike.

"Wakutuma ndani?" ankafunsa. Iye ankangoti, "Nekha, nekha," kutanthauza kuti yekha. Anamuponya m'galimoto ngati thumba, ulendo wa ku Boma.

Mkazi wake Elube amabwera m'mawa uliwonse n'kukhala pakhonde panga. Sanditukwana. Amangoti, "Bwana, manja ghala ndigho tikulyera," kutanthauza kuti manja ajawo ndiwo amawadyetsa.

Ndatsimikiza kupita ku Boma kukanena kuti lamulo linali langa. Koma nyumba ino ndi yantchito, ndipo akadzanditsekera, Janeth adzamutulutsa tsiku lomwelo. N'chifukwa chake ndikudikira mawu anu.

Moni kwa alamu ndi ana. Mwana wathu Towera wayamba kuyenda, mudzamuona nokha.

Chonde yankhani ndi lole yomweyi. Tsiku lililonse limene ndikudikira, akumufunsabe Feston.

Ine mng'ono wanu,
Stafford