Galimoto imene Tiwonge sadzaimva

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ine ndilipo, koma ndisanakuuzeni za ana ndi za kumunda pali zinthu zimene ziyenera kutha kaye. Choyamba, Tiwonge awoloke mtsinje abwere kuno ku boma madzi asanadzaze. Chachiwiri, apezeke munthu wopalira mtedza wake ndi kusunga mwana wake woyamba uja, chifukwa ndi zimene akukanira. Chachitatu chinali chiliza cha pamanda panu, koma chimenecho chidikire chilimwe, mundikhululukire. Ndazilemba pa kapepala n'kumata pa chitseko cha kabati, ngati kuti ndingaziiwale. Ndikudziwa kuti mukuseka. Paja munkati, "Yotamu, iwe umayamba kudwala matenda asanafike pakhomo."

Ndikulemba m'Chichewa chanu cha ku Kasungu, chimene munakana kuchisiya zaka zonse zimene munakhala kumudzi kwathu ku Magodi, kumene anthu amalankhula chinenero china. Mvula ino ndi yachitatu chichokereni inu. Mkazi wanga Esinati anabereka mwana wamkazi ndipo tinamutcha dzina lanu. Wayamba kuyenda, ndipo akakwiya amakweza nsidze imodzi monga munkachitira inu. Chimanga cha chaka chatha chinachita bwino, koma denga la nkhokwe yanu linagwa ndipo tinasamutsira zonse m'matumba. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa ana awiri, mmodzi anagwidwa ndi galu. Ntchito yanga ndi yomweyo, kuyendetsa maulendo a sikelo ndi katemera m'midzi yakutali.

Tsopano za mwana wanu Tiwonge. Mlongo wangayu ali ndi pakati, ndipo mwezi wake ndi Febuluwale, mwezi wa mawa. Mukukumbukira kuti mwana woyamba uja anabadwa ndi opaleshoni. Inu munalipo pamene adokotala ananena kuti wotsatira asadzayesere kubadwira kumudzi. Pafupi ndi chipatala pali nyumba yodikirira amayi oyembekezera, ndipo mu Okutobala Tiwonge anavomera bwinobwino kuti chaka chikangoyamba adzabwera kudzakhala m'menemo. Lero wasintha maganizo. Wamusintha ndine, ndipo zonse zinayamba ndi galimoto.

Mu Novembala bungwe lina linatipatsa galimoto yatsopano yoyendera kumidzi. Yakale ija, imene munaitcha Chifuwa chifukwa cha kutsokomola kwake, anaiimika kuseri kwa ofesi ndipo nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Yatsopanoyi ndi yoyera, yaitali, ya matayala okhuthala. Imayendera mafuta ndi magetsi. Pansi pa mipando yakumbuyo pali batire lalikulu limene limadzadza lokha galimoto ikamayenda, ndipo ikamatsika chitunda kapena ikamayenda pang'onopang'ono injini imazima, iyo n'kumapitabe ili zii, ngati pali anthu akuikankha.

Tsiku limene a Mtonga, dalaivala wathu, anadutsa nayo pamsika, anthu anasiya malonda. Mayi wina wogulitsa zitenje, wa kwanu ku Kasungu, anakuwa kuti, "Bwana, yafa kapena mukuumira mafuta?" Makaniko uja ankakonza Chifuwa ndi waya ndi mphira anatsegula kutsogolo, anayang'ana nthawi yaitali, n'kutseka mwaulemu. Anati, "Iyi ikadwala musandiitane ine. Muitane abusa."

Anzanga ankajambulitsa nayo zithunzi. Ine ndinatenga buku lake n'kuliwerenga lonse, masiku anayi. M'menemo ndinapeza tsamba lonena za kuya kwa madzi amene galimotoyi ingawoloke. Madzi akapitirira pamenepo akhoza kuononga za magetsi, ndipo wodziwa kuikonza ali ku Lusaka ndi kompyuta yake. A bungwe aja anauzanso a Mtonga kuti akadzangoilowetsa m'madzi opitirira muyezo, ntchito yatha. Choncho ndinadula nsungwi, ndinayeza ndi tepi kawiri, n'kuika chizindikiro ndi penti yofiira. Chizindikirocho chimandifika pakati pa ntchafu. Nsungwiyo ndinaiika kumbuyo kwa galimoto, pafupi ndi mabokosi a katemera.

Ulendo woyamba wa kumudzi kwathu unali mu Disembala. Inu mukudziwa mmene tinkachitira. Sitinkatuma uthenga. Chifuwa ikangofika pamwamba pa chitunda, mudzi wonse unkaimva. Amayi ankasiya makasu kukasambitsa ana, abambo ankatsikira powolokera ndi mitengo, makasu ndi ng'ombe ziwiri, kuti ikatitimira aikoke. Pofika ife pansi pa mkuyu, mzere unali utaima kale. Inu munkaimva wina aliyense asanaimve. Munkati, "Mwana wanga uyo akubwera ndi chifuwa chake, ikani madzi pamoto."

Tsiku limenelo tinatsika chitunda chonse popanda wotimva. Powolokera panalibe munthu. A Mtonga analiza hutala, koma mawu ake ndi aang'ono, ndipo pambuyo pake anthu anatiuza kuti ankayesa njinga yamoto ya ogula soya. Madzi anali a m'kakolo basi, tinawoloka mosavuta. Pansi pa mkuyu tinapeza mbuzi zokha. Tiwonge ndiye anatiwona akuchokera kumunda, anaima khasu lili paphewa, anandiitana monga amaitanira achimwene kumudziko, n'kuti, "Adumbu, mwagwa kuchokera kumwamba?"

Anthu atasonkhana, sikelo inachedwa kuyamba, chifukwa aliyense ankafuna kugwira galimoto. Gogo wina anaika khutu pa chitsulo chake n'kufunsa ngati ikupuma. A Mtonga anakoma mtima, ananyamula abambo asanu ndi mmodzi n'kupita nawo kumtsinje. Anawoloka, anabwerera, anawolokanso, katatu konse, madzi akuthovukira m'mbali, anthu akuomba m'manja. Potsika anati, "Iyi siopa madzi. Imasambira!"

Pamenepo apongozi ake a Tiwonge, a NyaNyirenda, anandikokera pambali. Anati, "Ndiye mkamwana wangayu akadzayamba, iyi idzabwera?"

Ine ndinati, "Idzabwera, amama. Masiku amavuto aja atha."

Amayi, nsungwi inali pomwepo, kumbuyo kwa galimoto. Sindinaitulutse. Ine amene ndimawerenga tsiku lothera la mankhwala katatu ndisanabaye mwana, ndinalankhula ngati woledzera. Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake. Ndikuganiza kuti n'chifukwa cha malo amene tinaima. Panali pansi pa mtengo wa powolokera uja, pamene ngolo imene inakunyamulani mukudwala inaima masana aja. Inu munali tsidya ilo ndi Tiwonge, ine tsidya lino ndi Chifuwa, mtsinje utadzaza mpaka m'mabango. Tinaliza injini maola atatu kuti mudziwe kuti tafika. Tiwonge anandiuza pambuyo pake kuti munatsegula maso n'kunena kuti, "Ndikuimva. Koma muuzeni asalowe m'madzi, mwana wangayo sadziwa kusambira." Madzi anaphwa m'mawa mwake, inu mutapita kale. Ndiye pamene ndinaona galimoto yoyera ikuwoloka malo omwewo anthu akuseka, ndinafuna kuti zikhale zoona. Ndinazinena kuti ndizimve ndekha.

Sabata yatha tinapitanso. Mvula yagwa masiku asanu ndi anayi otsatizana, ndakhala ndikulemba pa kalendala. Tinafika powolokera, ndinatsika ndi nsungwi n'kuizika m'madzi. Chizindikiro chofiira chinamira ndi zala zinayi. Ndinayesa malo atatu, konse chimodzimodzi. A Mtonga anayang'ana kumbali n'kuti, "Bwana, ndili ndi ana asanu." Sindinawakakamize. Galimoto inangoima pamenepo. Kaya anaizimitsa, kaya inazima yokha, sindikudziwa, palibe kusiyana. Tsidya lija kunali zii. Palibe amene ankadziwa kuti tafika.

Ndinavula nsapato, ndinasenza bokosi limodzi la katemera pamutu, nsungwi m'manja, n'kulowa. Pakati madzi anandifika m'chiuno ndipo mchenga unkathawa pansi pa mapazi. Musakwiye. Ndikudziwa zimene munanena.

Tiwonge ndinamupeza atawerama m'munda wa mtedza, mimba ikugunda maondo. Mwamuna wake ali ku esiteti ya fodya ku Mwase Lundazi ndipo amabwera kutha kwa mwezi, choncho mawu pakhomopo ndi a NyaNyirenda. Tinakhala pa mzere atatu, ine, Tiwonge ndi apongozi akewo. Ndinawafotokozera zonse, za batire, za buku, za lamulo la a Mtonga. Ndinati Tiwonge anyamuke sabata yomweyo madzi akadali a m'chiuno.

A NyaNyirenda anati, "Masabata anayi akakhale pakhonde la chipatala akuluka tsitsi, kuno udzu ukudya mtedza? Munanena nokha kuti galimoto ibwera."

Ndinati, "Ndinalakwitsa, amama."

"Munalakwitsa tsiku lija kapena mukulakwitsa lero?"

Ndinawaonetsa nsungwi. Anaitenga, anaitembenuza, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Chigalimoto chonse chija chikuopa kamtengo aka? Ife tinaiona ndi maso athu ikusambira. Iwe Tiwonge, adumbu akowa anawerenga mabuku ambiri, tsopano akuopa ngakhale mame."

Sindiwada, Amayi. Ndi munthu wabwino, ndipo mtedza umenewo ndiwo chakudya chawo. Iwo anaona galimoto ikuwoloka katatu, ine ndabwera ndi nsungwi. Ngakhale ine ndikanakhulupirira galimoto. Ndinawafunsa kuti zikayamba mvula ikugwa adzatiuza bwanji. Anati adzakwera pa chulu cha kutchalitchi, paja pamagwira foni. Ndinati, tikadzafika pamtsinje n'kulephera kuwoloka, mudzadziwa bwanji kuti tilipo? Anangoti, "Mulungu alipo," n'kunyamula khasu.

Nditatha kubaya ana ochepa amene anabwera, Tiwonge anandiperekeza. Titafika pamene njira imayamba kutsikira kumtsinje anaima, n'kukana kupitirira. Anati, "Adumbu, si mtedza wokha ayi. Madzi akakhala ambiri sindifika pamenepaja. Chifereni amayi sindinayesepo. Ndikamva phokoso la madzi ndimabwerera." Ndinati ndidzamugwira, abambo anayi adzamuzungulira, galimoto idzakhala ikudikira tsidya lino. Anapukusa mutu. Anati, "Inu simudziwa kusambira. Amayi akanakhalapo akanangoti tiye, ine n'kupita."

Ndi zoona. Inu mukati tiye, Tiwonge ankapita ngakhale akulira. Ine ndinaphunzira zaka zitatu ku koleji ku Chipata, ndimadziwa dzina la chimene chingachitike chilonda chakale chija chikang'ambika, ndimadziwa kuti zikatero nthawi imakhala yochepa bwanji. Koma sindidziwa kunena tiye mmene munkanenera inu. Ndikalankhula, anthu amamva nkhawa yanga osati mawu anga.

Ndayesa zimene ndingathe. Esinati wavomera kusunga mwana wa Tiwonge kuno. Amayi awiri a kumpingo kwanu akuti angapalire mtedza Lachiwiri ndi Lachinayi, koma a NyaNyirenda sanayankhe. Ndinapita kwa makaniko uja kukafunsa ngati Chifuwa ingadzuke. Anati injini inatheratu, ndipo ngakhale ikanadzuka, nayonso mtsinje wodzaza unkaigonjetsa. Ndikudziwa zimenezo. Koma ija inkamveka, Amayi. Inu munapita mukudziwa kuti mwana wanu wafika. Ndikaganiza kuti Tiwonge angadzagone tsidya lija akuyesa kuti tamutaya, ife tili pomwepo m'galimoto yoyera yopanda mawu, chakudya chimandikanika. Dzulo galimotoyo inali pamsika, anthu akuizungulirabe, akujambula, akuti boma lathu latukuka. Ndinadutsa mbali ina.

Loweruka ndikupitanso. A Mtonga avomera kundifikitsa pamtsinje, ndipo ndapempha abambo anayi ndi ngolo kuti adzadikire tsidya lija. Kuno mitambo yayamba kale kuda cha kum'mawa, ndipo mvula ikagwanso masiku awiri madzi adzafika pachifuwa, pamenepo palibe amene angamuwolotse. Akakana Loweruka, ndikulonjeza kuti ulendo uno sindidzaima tsidya lino. Ndatenga tchuthi, ndidzakhala naye kumudzi mpaka tsiku lake, ngakhale ndikudziwa kuti manja angawa sangachite opaleshoni.

Abusa sangakondwere ndi zimene ndikupempha, koma ndilibe kwina kopita. Yankho la kalatayi musanditumizire ine. Lipite kwa Tiwonge, kaya kumaloto, kaya akuwerama m'munda muja, mmene mungathere kumeneko. Simufunika kunena zambiri. Mungomuuza kuti tiye. Koma chonde yankhani msanga, Amayi, Loweruka lisanafike.

Ndine mwana wanu wokukondani, uja wosadziwa kusambira,
Yotamu