Chilombo cha Tcheni

Lolemba, 4 Ogasiti 2025
M'mawa, mphepo ya fumbi. Kuzizira mpaka zala kuuma pa makina.
Ba Melanie a ku Kabulonga, aja ndimawasokera madiresi, andipatsa ntchito yachilendo. Zovala za zilombo zisanu. Iwo ndi anzawo amasewera Lamulungu masana, m'thengo kuseri kwa Chelstone. Anthu akuluakulu, ena a kubanki, malupanga a siponji m'manja. Aliyense tinsalu tisanu pamkono, ndiwo moyo wake. Chilombo chikakukhudza, kansalu kamodzi kachoka. Koma chilipo chimodzi chachikulu chotenga tonse nthawi imodzi.
Sindinaseke. Ndathokoza Mulungu. Zaka zitatu mipendero ya mayunifomu yokhayokha.

Lachinayi, 7 Ogasiti
Masaka, makatoni, utoto wofiira. Mano a botolo la pulasitiki. Zonse zisanu nyanga, zonse mano. Ndikufuna aone kuti ndayesetsa.
Anti amene ndimakhala nawo ayang'ana pakhomo, apukusa mutu, apita. Kenako andibweretsera tiyi.

Lamulungu, 10 Ogasiti
Ndalakwitsa.
Ndinaima patali ndi singano, mwina china ching'ambika. Tanya, msuweni wa ba Melanie, tsiku lake loyamba. Anathamangira chachikulu chija, akuyesa n'chimodzi mwa tating'ono. Akanadziwa bwanji? Zonse zofanana. Tinsalu tonse tisanu kutha masewera atangoyamba. Maola atatu pansi pa mtengo, yekha. Akuti sadzabweranso.
Ba Cliff, amene amalemba malamulo, sanakalipe. Bola akanakalipa. Anati munthu ayenera kudziwa chomwe chingamuphe asanachiyandikire, apo ayi si masewera, ndi msampha. Lamulungu likudzali zikakhala chimodzimodzi, aitanitsa zigoba za kunkhope zogula.
M'basi misozi. Ndinayang'ana pawindo.

Lachiwiri, 12 Ogasiti
Kukapereka diresi ku Kabulonga, wapansi kuchokera pa siteshoni ya basi.
Geti yobiriwira, tiagalu titatu, phokoso ngati tikudya munthu. Ndimadutsa osatembenuka. Geti yakuda ija ya pakona, zii. Tcheni yokha kukwekwereza pa simenti, pang'onopang'ono. Miyendo yanga inawoloka msewu ndisanaganize. Galuyo sindinamuonepo n'kamodzi komwe.
Ndinaima pansi pa jakaranda. Ba Melanie ndi anzawo amayenda pa galimoto, magalasi otseka. Izi sazidziwa.

Lachitatu, 13 Ogasiti
Ndinabwerera kwa ba Melanie. Kawiri kufika pa geti, kawiri kubwerera. Kachitatu ndinagogoda.
Ndinanena m'khitchini, maso pansi. Tating'ono tikhale taphokoso, zitsekerero za mabotolo m'miyendo, tizikuwa, tizilumpha. Chachikulu ndichichotse nyanga ndi mano. Saka yotuwa, manja okha ofiira, tcheni kumbuyo. Chisathamange. Chisalankhule.
Ba Melanie anazimitsa ketulo kuti andimve bwino. Palibe anandichitirapo zotero.
Akuti amunyengerera Tanya abwere komaliza.

Lachisanu, 15 Ogasiti
Kusomola, kusokanso. Tcheni ndapempha kwa ba Kabwe owotcherera mageti kuno ku Kabwata. Sanafunse n'komwe.
Madzulo kuyesa pabwalo la ba Melanie. Ba Cliff kuseka: "Ici ni cilombo olo ni saka ya malasha?" Ba Saul, ovala chachikulu, mtima wabwino koma sangathe. Masitepe atatu, ayamba kubangula. Kuwauza, avomera, abangulanso. Tcheni osamveka.
Ba Melanie anandiyang'ana nthawi yaitali. "Pano amene aziba kunkala zii ni Elina."
Ndinakana. Ndinakananso. Kunyumba ndafupikitsa saka ndi zikhatho ziwiri.

Lamulungu, 17 Ogasiti
Mkati mwa saka kutentha, fungo la chimanga. Timabowo tiwiri toonera. Koma palibe akuona nkhope yanga, ndipo manyazi anasowa pogwira.
Tating'ono tinatuluka ndi phokoso, anthu kutimenya akuseka. Kenako ine. Phazi limodzi, tcheni pa miyala. Phazi lina.
Kuseka kunatha ndisanatuluke m'udzu.
Tanya ndiye anayamba kumva. Anagwira mnzake pamkono, kumukokera kuseri kwa chulu. Onse asanu ndi atatu kubisala, kunong'onezana, kupangana. Palibe anawauza. Anandizungulira bwinobwino, awiri kutsogolo kundinyenga, ena kumbuyo. Ndinagwira atatu. Lupanga lomaliza la Tanya, pamsana. Ndinagwa monga anandiphunzitsira, fumbi m'kamwa.
Tanya anandivula chigoba yekha. "Ndimwe? Mwaniyofya, sisi." Akuseka. Wafunsa kuti Lamulungu lotsatira tiyamba nthawi yanji.
Za zigoba zogula ba Cliff sanatchulenso. Akufuna chilombo cha m'madzi mwezi wamawa, ndipo anafunsa ine kuti chizimveka bwanji. Ine. Ndinati ndiganiza kaye.
Pobwerera ndinapempha ba Melanie aime pang'ono pa geti yakuda, atsitse galasi. Tinamvetsera tonse. Mumtima ndinati zikomo, galu iwe.
Anti akuitana, madzi osamba akuzizira. Ndalekeza pano, Lamulungu, sikisi koloko madzulo, utoto wofiira ukadali m'zikhadabo.