Kapamba wa Yamikani

Amayi,

Kodi kukucha bwanji kumeneko? Kuno akuluakulu azaumoyo anabwera pa Songani kudzalengeza kuti malungo m'dera lathu lino tawagonjetsa. Tinawomba m'manja, iwo nakwera magalimoto awo.

Chimanga chachita bwinoko, koma nandolo wadyedwa ndi mbozi. Mng'ono wanga Esinati wachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Amalira mokweza ngati mwini dzinalo.

Ndazungulira mokwanira. Yamikani, chisamba changa, wakutsatirani.

Munamusiya akudwaladwala malungo. Kenaka kumanzere, pansi pa nthiti, kunayamba kulimba. Ndinadziwa kuti ndi kapamba, poti mphini zimene munanditema pa malo omwewo ndikadali nazo. Ine wa Folomu 4 ndinakana lumo, ndinapita naye kuchipatala. Adokotala anamupatsa mankhwala, nati asagwe, asamenyedwe pamimba. Paja inu munkati mwana wa kapamba ndi dzira, sanyamulira pamodzi ndi nkhuni. Inu ndi adokotala munagwirizana pamenepo pokha.

Koma mnyamata wa Sitandade 4 mungamumange mwendo? Ine ndili kumsika, anakwera phiri ndi anzake kukathyola zipatso za mulunguzi zoti akagulitse kwa alendo. Potsika anaterereka, nagwera pa chitsa. Anafika pakhomo akuyenda yekha, wopanda bala, mbale ya zipatso ili m'manja. Anangoti m'mimba mukupweteka. Azakhali ake anamuthowa ndi madzi ofunda, akusisita ndi mtima wonse, osadziwa kuti kapamba waphulika ndipo magazi akutayikira mkati. Sindiwaimba mlandu. Inunso mukanathowa.

Pofika kuchipatala m'tauni, zikhatho zake zinali zitayera ngati ufa. Akuti sanafe ndi malungo, anafa ndi kugwa. Choncho mawu a akuluakulu aja sanasweke.

Mukamuona mumulandire, Amayi. Musamukalipire za kuphiri. Amachita manyazi ndi anthu achilendo, ndipo kumeneko akudziwa inu nokha.

Ndatsala ndi Tadala, mlongo wake. Ndikulonjeza kuti phiri sadzaliponda, ngakhale andide. Manda anu ndi a Yamikani ndidzalambula mvula isanagwe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi

Ndinaiwala. Tadala wadzuka thupi lili moto. Ndamugwira kumanzere, pansi pa nthiti. Kwalimba.