Kalulu, perelemuni ndi achimwene

Lolemba, 6 Meyi
Ntchito ya kukoleji: kuyerekeza kalulu ndi perelemuni, nkhono ya m'nyanja ija. Masamba awiri, pofika Lachisanu. Kalulu: woyamwitsa, wa fupa la msana. Perelemuni: yopanda fupa, phazi limodzi, chigoba chimodzi. Achimwene, a Ruwayne, anasuzumira n'kuseka. Ati ine ndimangoiwerenga, iwo amaigwira, ndiye katswiri ndani. Fizi yanga imachokera komweko. Mawa alowanso m'madzi.

Lachitatu, 8 Meyi
Boti linapita dzulo usiku ndi anthu asanu ndi mmodzi, labwera ndi asanu. A Gershwin, eni boti, akuti ataona boti la boma analiyatsa liwiro, achimwene akadali pansi pa madzi. Ndi mmene amachitira: wotsala amasambira yekha mpaka kumtunda. Ndipo kuno ku Hawston wosowa panyanja sanenedwa kupolisi. Kunena mmodzi n'kugulitsa onse.
Ndalemba gawo lachiwiri. Kalulu wa kuno ali mbwee, palibe nkhawa. Perelemuni ili pangozi yotha, kuigwira ndi mlandu. Ndadya buledi, sanakome.

Lachinayi, 9 Meyi
Amayi ayenda gombe lonse, abwera ndi mchenga kumapazi basi. A Gershwin abweretsa nsomba ziwiri. "Limbani mtima mayi, uja ndi katumbu, atulukira." Ndinati tikanene. Amayi: "Iwe, ukanena tikakhala kuti?" Ndinabwerera ku tebulo. Kulira ndayesa, sikukubwera.

Lachisanu, 10 Meyi
Aphunzitsi, a Fortuin, akuti ntchito ili bwino, koma ndionjezere chomwe chikumaliza perelemuni. Ndinalemba pomwepo: akuba.
Pochoka apo, kupolisi. Ndatchula tsiku, malo, boti. Wapolisi anandifunsa kuti masiku onsewa tinali kuti.

Lolemba, 13 Meyi
Opulumutsa anthu panyanja anawapeza achimwene Loweruka, atafuna maola atatu okha. Osati m'madzi. Pa kathanthwe kena pakati pa nyanja, mwendo wothyoka, atavula lamba wa zitsulo wolowera pansi pa madzi n'kumuika pambali bwinobwino.
A Gershwin ali m'chitokosi. Mumsewu mwathu palibe wondipatsa moni, amayi akulankhula nane kudzera mwa azakhali. Sizikundipweteka. Palibe chikundipweteka.
Ntchito ija yabwera, ndakhoza kuposa onse.
Adokotala akuti achimwene sanamire. Kuzizira ndi ludzu. Akuti anamwalira mwina Lachinayi masana. Lachinayi masana ine ndinali pa tebulo, ndikulemba.