Mkuzi wa Rozita Wabwerera Mikanda Iwiri

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ine kuno sindili bwino, ndisakunamizeni. Ndikulemba nditakhala pachitsa chija munkasulirapo, pepala ndang'amba m'kaderino, kabuku kanga ka nyimbo. Mkamwini wanu Jowakimu wapita kukabwereka pampu ya njinga. Akangofika tinyamuka.

Mdzukulu wanu anabadwa patatha miyezi iwiri titakuikani. Ndi wamkazi, dzina lake Rozita, mphuno yanu yeniyeni. Chimanga chinacha bwino, nkhokwe yadzaza, nkhuku zokha ndiye zatha ndi chitopa. Koma izo zikhale. Nkhani ndi mkuzi.

Mukuukumbukira? Munaupanga mukudwala kale, ine ndili ndi pakati. Anthu ankati za mwana sakonzeratu, inu n'kuyankha kuti, "Nanga akabwera adzandipeza kuti?" Munaika kakowe kamkuwa ndi mikanda khumi kumapeto, kuti chiuno cha mwana chikamakula ndizimasula mkanda umodziumodzi. Ndinamasula mpaka wachisanu ndi chimodzi, Amayi. Sabata ino ndabwerera iwiri. Akutsegula m'mimba, bere akulikana, liwombo lalowa.

Apongozi afika dzulo kuchokera ku Nsadzo. Akuti ndi mkuzi ukumudya mwana. Akuti mkuwa wanuwo unapha anthu, ndi wotentha, eni ake abwera kudzautenga. Akufuna ndiudule, ndipo nyundo yanu ndi alikate uja munkapindira ndolo zikatayidwe kumtsinje. Sakunena mwankhanza, nawonso agwetsa misozi. Zipangizozo ndazibisa m'nkhokwe, pansi pa chimanga.

Kodi n'zoona, Amayi? Paja nkhondo itatha munkatola makoko amkuwa a zipolopolo polima, ena akuwathawa. Amuna ankakusekani kuti mkazi sasula, mupsa nsalu. Inu n'kumangokupiza makala ndi chivundikiro cha poto. Mapeto ake akazi awo omwewo ndi amene ankabwera mozemba kudzayesa zibangili. Ndolo zanu zinakafika ku Cassacatiza n'kuwoloka malire, akwatibwi a ku parishi sankalowa m'tchalitchi opanda mphete yanu, ndipo ana theka la mudzi uno anakulira m'mikuzi yanu ya kakowe. Munkati, "Chitsulo chilibe mtima, mtima ndi wa wochigwira." Ndinkakhulupirira. Koma pamenepo ndinalibe mwana.

Ndiulule. M'mawa muno ndinatenga mpeni. Ndinamugoneka Rozita pamiyendo n'kulowetsa zala kunsi kwa chingwe kuti ndisamucheke. Zinalowa zitatu, Amayi. Zitatu, pomwe dzana ndinamangitsa ndekha! Mpeni ndinauika pansi. Ndinakumvani ngati muli pachitsa pano, mukuuza mayi wina wachisamba: "Uwu si mankhwala, mwanawe, ndi maso. Mwana womubereka tsiku ndi tsiku suona kuwonda kwake. Ukakhwepa, usafunse kawiri, nyamuka."

Ine ndafunsa kawiri, ndafunsa katatu. Masiku anayi ndataya ndikuyang'ana mkuzi m'malo moumvera. Ndicho chikundiopsa kuposa mizimu akunena apongozi.

Tikupita kuchipatala ku Mualadzi. Msewu ndi wa mchenga, pena tizikankha njinga, koma tikafika dzuwa lisanapendeke. Apongozi ndawauza mogwada kuti sindidula. Iwo apita kukatunga madzi a paulendo.

Ndinkathawa mukandiitana kuti ndigwire alikate, ndinkati utsi ukundiwawa m'maso. Kakowe sindidziwa kupinda kwake. Ndidzapsa zala, ndidzaphunzira. Mikanda yanu ikuthera pa khumi. Wakhumi ndi chimodzi ndidzaika ndine, ndikulonjeza.

Chimodzi chokha ndikupempha. Ndikudziwa mukulakalaka kumunyamula, poti simunamuone. Musamuitane, Amayi. Akayandikira kumeneko, mubwezeni ngati munkandibwezera ine kusukulu.

Belu la njinga lalira kuseri kwa khola. Jowakimu wafika.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felista